Khosi, mpweya ndi kagwedwe: kukonzekera mayeso a wrestling muli ku Harare

Mnyamata akatsimikiza mumtima kuti akufuna kukayesa mwayi pa wrestling, amayamba ndi kuthamangira ku jimu kukanyamula zitsulo kuti chifuwa ndi mikono zifufume. Zili choncho ku Mbare, ku Mabvuku, ku Dzivarasekwa, kulikonse kumene ana athu akulira akuonera masewera a WWE, kampani yaikulu ya wrestling ya ku America, pa SuperSport. Minofu ili ndi ntchito yake, koma si imene imalepheretsa anthu pa mayeso osankhira osewera atsopano. Amene amabwezedwa tsiku loyamba amabwezedwa chifukwa mpweya wawathera pasanathe mphindi 10, chifukwa sadziwa kugwa, kapena chifukwa mphunzitsi waona kuti akatopa makutu amatsekeka, malangizo salowanso. Munthu wotereyu ndi woopsa m'ring'i, popeza pamasewerawa mnzanu amakusungitsani khosi ndi msana wake, inunso mumamusungitsa zanu.

Zoti wopambana amadziwika masewera asanayambe sitikutsutsa. Koma pansi pamene mukugwerapo ndi polimba ndithu. Ring'i ya WWE ndi yotalika mafiti 20 mbali zonse, kapena kuti mamita 6 ndi pang'ono, ndipo za makampani ang'onoang'ono zimakhala za mafiti 16 kapena 18. Pansi pake pali zitsulo, pamwamba pa zitsulo ayala matabwa, pamwamba pa matabwa kasiponji kopyapyala, kenako chinsalu cholimba. Pakati pamanyutuka pang'ono, koma m'mbali ndi m'makona simunyutuka konse. Phokoso limene mumamva pa TV munthu akagwa ndi la matabwa akumenyana ndi zitsulo, ndipo thupi lake ndi limene lawamenyanitsa.

N'chifukwa chake phunziro loyamba pasukulu iliyonse yodalirika ndi bump, kugwa chagada mosavulala. Kachitidwe kake ndi aka. Chibwano chigunde pachifuwa ndipo chikhale pomwepo mpaka mwafika pansi. Mugwere kumtunda kwa msana, pakati pa mapewa, msana wonsewo ufike nthawi imodzi. Mikono itambasuke m'mbali, zikhatho zimenye pansi pa nthawi yomwe msana ukufika, osati patsogolo pake kapena pambuyo pake. Mapazi aponde pansi mawondo atapindika, chiuno chitakwera pang'ono kuti fupa lakumapeto kwa msana lisagunde. Pofika pansipo tulutsani mpweya. Cholinga cha zonsezi ndi chimodzi: mphamvu ya kugwako imwazike pamalo aakulu m'malo mothera pa fupa limodzi.

Chilichonse mwa izi chikaphonyeka chili ndi malipiro ake. Chibwano chikamasuka, mutu umakankhidwira kumbuyo nkhongo n'kumenya matabwa, ndipo ubongo umagwedezeka. Mukachita mantha n'kutsogoza dzanja kuti mudzitchinjirize, thupi lonse limatsamira pa mfundo ya dzanja, chigongono kapena phewa, ndipo kumeneko ndi kumene mafupa amathyoka ndi mapewa kuguluka. Mukafikira matako, kugundako kumakwera ndi msana wonse. Mukasunga mpweya m'chifuwa, mumabanika n'kukhala kanthawi mukulephera kupuma. Zolakwa zonsezi zimachokera pa chibadwa, chifukwa thupi la munthu silifuna kugwa chagada ndipo limayesa kudziteteza m'njira yolakwika. Kuchotsa chibadwa chimenecho kumatenga miyezi. Mumayamba mutanjuta pansi penipeni manja ali pachifuwa, kenako mutawerama pang'ono, ndipo mumadzaimirira pokhapokha mphunzitsi akaona kuti chibwano sichikusunthanso. Kwa woyamba kumene, kugwa ka 10 kapena ka 15 patsiku n'kokwana. Khosi likatopa siyani, chifukwa kugwa kwa munthu wotopa ndi kumene kumavulaza.

Apa ndi pamene pali vuto lathu la ku Harare: ring'i yophunzirira siipezeka wambawamba. Ena amayala matiresi pabwalo la simenti kuseri kwa nyumba n'kumaponyanapo. Chonde musatero. Matiresi ofewa amabisa zolakwa, moti mumazolowera kufikira matako kapena chigongono osamva kupweteka, kenako mumakachita zomwezo pamatabwa. Komanso matiresi amatsetsereka, ndipo mutu ukaphonya umapeza simenti. Njira yabwino ndi kulowa kalabu ya judo kapena ya wrestling ya mtundu wa Olympic, kumene kuli mateti enieni ndi mphunzitsi woyang'anira. A judo amaphunzitsa kugwa asanaphunzitse kugwetsa, ndipo ngakhale kagwedwe kawo kamasiyana pang'ono ndi ka m'ring'i, kuteteza mutu ndi kumenya pansi ndi dzanja ndi chimodzimodzi. Miyezi 6 ya judo imakupatsani zimene zaka ziwiri za kuseri kwa nyumba sizingakupatseni. Pamateti omwewo phunzirani kugubuduka: chakutsogolo, chakumbuyo, chodutsira phewa lamanzere, chodutsira phewa lamanja, ndipo nthawi zonse muzidzuka mutaponda bwino, osadzandira. Pa mayeso amagubudutsa anthu mobwerezabwereza kuti aone amene chizungulire chimamusokoneza miyendo.

Khosi lisamalidwe mwapadera. Mu 1997 Steve Austin anavulala khosi pa masewera aakulu a SummerSlam pamene Owen Hart anamugwetsera chamutu, ndipo onsewa anali akatswiri. Mu 1999 Darren Drozdov anafa ziwalo powerbomb, konyamula munthu m'mwamba n'kumumenyetsa pansi chagada, italakwika. Mitsuharu Misawa, mmodzi mwa akuluakulu a masewerawa ku Japan, anamwalira mu 2009 ku Hiroshima atagwetsedwa m'ring'i. Ngati zinachitikira anthu odziwa chonchi, mnyamata woonera pafoni asayerekeze kuyesa piledriver, kugwetsera munthu chamutu kuja, pa mng'ono wake. Kulimbitsa khosi kumayamba mofatsa: ikani chikhatho pamphumi, kankhani ndi mutu dzanja likukana, masekondi 10 mpaka 15, kenako kunkhongo, kenako mbali zonse ziwiri, maulendo atatu mbali iliyonse. Mukatero gonani chagada, dzutsani mutu wokha chibwano chikafike pachifuwa, ka 15 kapena ka 20. Chitani zimenezi katatu pa sabata. Bridge, koimika thupi pamutu ndi mapazi kuja, kudikire mpaka patapita masabata 6 kapena 8, ndipo poyamba manja azithandiza kunyamula thupi. Mukamva dzanzi kapena kuyaka kotsikira m'mkono, lekani pomwepo mukaonane ndi dokotala, chifukwa mwina mtsempha wapanikizika.

Tsopano za mpweya, zimene ndi mtima wa mayeso onse. Kuthamanga makilomita 10 pang'onopang'ono kumathandiza, koma m'ring'i mulibe kuthamanga kotero. Muli kugwa, kudzuka, kuthamanga masitepe atatu, kudumpha, kunyamula munthu, kugwanso, nkhope ikuonetsa zimene nkhani ikufuna. Chotopetsa kwambiri ndi kudzuka pansi. Choncho pabwalo la mpira la m'dera lanu thamangani mwamphamvu kuchoka pagolo kukafika pagolo lina, bwererani mukuyenda, mubwereze ka 6, ndipo muziwonjezera mpaka ka 12. Tsiku lina chitani izi: gonani chafufumimba, dzukani, dumphani, gonani chagada, dzukani, kwa masekondi 30, pumulani masekondi 30, mpaka mphindi 10 zikwane. Pakatha miyezi iwiri muzitha mphindi 5 osapumira. Kudumpha chingwe mphindi 10 kumalimbitsa akakolo ndi kupeputsa mapazi. Harare ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500 ndipo mpweya wake ndi wouma, choncho amene wazolowera kuno amadabwa akafika kumalo achinyezi monga Durban kapena Orlando, kumene thukuta limangotsika osauma ndipo thupi limatentha msanga. Kumeneko madzi ndi mchere pang'ono zimafunika kuposa kuno.

Masikwati, kunjuta n'kudzuka mobwerezabwereza, opanda chitsulo ndi mwambo wakale wa masewerawa. Kusukulu ya New Japan Pro-Wrestling, kampani imene Antonio Inoki anayambitsa mu 1972, ophunzira amachita masikwati mazanamazana, ndipo 500 ndi nambala yodziwika bwino kumeneko. Aphunzitsi ambiri kunja kwa Japan anatengera zomwezo. Koma musayambire pa 500. Yambani ndi 50, m'magawo awiri a 25, muziwonjezera 25 pa sabata. Munthu wosazolowera akachita mazana tsiku limodzi, minofu imatha kuphwanyika n'kutayira zinthu m'magazi zimene zimawononga impso. Chizindikiro chake ndi ntchafu zotupa zopweteka modetsa nkhawa ndi mkodzo wakuda ngati tiyi wopanda mkaka. Mukaona zimenezo pitani kuchipatala tsiku lomwelo, musadikire kuti zitha zokha.

Zitsulo zibwere pamwamba pa maziko amenewa, katatu pa sabata: sikwati ya chitsulo, deadlift (kudzutsa chitsulo pansi mpaka mutaongoka), kukankhira chitsulo pamwamba pa mutu, kudzikoka pa mtanda, ndi kuyenda mutanyamula thumba la mchenga la makilogalamu 30 kapena 40 pachifuwa. Thumbalo limaphunzitsa zambiri chifukwa limagwedezeka ndi kutsetsereka, silikhala phee m'manja. Muyezo woyenera kuufuna ndi wakuti muzitha kunyamula munthu wolemera ngati inu n'kumutsitsa pang'onopang'ono, mutatopa kale. Kumunyamula n'kosavuta. Kumutsitsa bwino ndiye ntchito.

Zingwe za ring'i simungaziphunzire popanda ring'i, koma ndi bwino kudziwiratu. WWE imagwiritsa ntchito zingwe zenizeni zokulungidwa ndi tepi, pamene makampani ambiri amagwiritsa ntchito waya wachitsulo wolowetsedwa mu paipi ya labala. Zonsezi zimasiya mikwingwirima kumsana ndi m'nthiti masabata oyamba. Mukafika pa zingwe mumatembenuka, mkono wamanja upite pamwamba pa chingwe chapamwamba ndipo dzanja ligwire, chingwecho chikhale pansi pa mapewa, chapakati chikhale pachiuno, mapazi onse ali pansi. Dzanjalo ndi limene lingakupulumutseni chingwe chitaduka kapena mutatsetsereka. Amene amadumphira zingwe kapena kuwerama kwambiri amalowa pakati pa zingwe ziwiri, mutu n'kukwapulidwa. Dziwaninso kuti ku America, ku Britain ndi ku Japan amagwira mbali yakumanzere ya mnzawo, mkono wamanzere, mwendo wamanzere, pamene ku Mexico amagwira yakumanja. Lamuloli limathandiza kuti anthu awiri amene sanakumanepo adziwe kolowera popanda kufunsana.

Za chakudya sizifuna ndalama zambiri monga anthu amaganizira. Amene akumanga thupi amafunika mapuloteni a magalamu 1.6 mpaka 2.2 pa kilogalamu iliyonse ya kulemera kwake patsiku. Ngati mukulemera makilogalamu 80, ndiye kuti magalamu 130 mpaka 175. Dzira limodzi lili ndi magalamu pafupifupi 6, nyama ya pachifuwa cha nkhuku yophika ya magalamu 100 ili ndi pafupifupi 30, ndipo matemba ouma ndi nyama ya soya youma pafupifupi theka la kulemera kwake ndi mapuloteni. Zonsezi pamodzi ndi nyemba ndi mtedza zili pa Mbare Musika. Nsima musaisiye, ndiyo imakupatsani mphamvu yothamangira, koma ndiwo zichuluke kuposa mmene tinazolowera kunyumba. Gonani maola 7 mpaka 9, chifukwa minofu imakula mukugona.

M'majimu mumapezeka anthu onong'oneza za majakisoni ndi mapiritsi okulitsa thupi. Akaneni. Mankhwalawa amakulitsa mtima mosayenera, amakweza BP, amawononga chiwindi, ndipo amakulitsa minofu msanga kuposa mitsempha yoigwirizira ku mafupa, n'chifukwa chake owagwiritsa ntchito amang'ambika pachifuwa ndi m'mikono. Eddie Guerrero anamwalira ndi matenda a mtima mu November 2005 ali ndi zaka 38 zokha, ndipo mu 2006 WWE inayambitsa ndondomeko yoyeza mankhwala ndi mtima kwa osewera ake. Mukhoza kupambana mayeso onse n'kukagwa pa dokotala.

Musanapite kulikonse kayezetseni: BP, mtima, maso, ndi magazi pa HIV, hepatitis B ndi hepatitis C, popeza m'ring'i anthu amachekeka ndipo magazi amakhudzana. Katemera wa hepatitis B amabayidwa katatu m'miyezi 6, choncho yambani msanga. Wina akadzakuuzani kuti mudzicheke pamphumi ndi lezala kuti masewera akome, muli ndi ufulu wokana. Zipere ndi zithupsa zimafala kwambiri pamateti, choncho sambani ndi sopo mukangomaliza, chapani zovala tsiku lililonse, ndipo musakwere pamateti muli ndi chilonda chosamanga. Mukagunda mutu n'kumva chizungulire, nseru, mutu kupweteka, maso kuchita mdima kapena kuiwala zimene zangochitika, tsikulo zathera pomwepo, ngakhale simunakomoke. Kugundanso mutu ubongo usanachire ndi kumene kumapha kapena kulumaza. Kubwerera kumachitika pang'onopang'ono dokotala atavomereza. Chris Nowinski anasiya wrestling mu 2003 chifukwa cha vuto limeneli, ndipo wakhala akugwira ntchito yochenjeza osewera za kuvulala kwa ubongo.

Thupi likakonzeka patsala pakamwa. Pa mayeso amakupatsani maikolofoni kapena kukuimikani patsogolo pa kamera kwa mphindi imodzi kuti muchite promo, kulankhula kokopa anthu kuti adzaonere masewera anu. Ambiri amakuwa, kutukwana ndi kutsanzira mawu a osewera otchuka, ndipo oyesa amawaiwala nthawi yomweyo. M'mphindi imodziyo anthu amve kuti ndinu ndani, mukufuna chiyani, ndani akukutsekerezani, ndi chifukwa chake alipire khomo kudzaonera. Dzijambuleni pafoni tsiku lililonse, muonere mawu mutatseka kuti muone ngati maso akuthawathawa kapena thupi likugwedezeka, kenako mumvetsere chithunzi mutaphimba kuti mumve ngati mawu akumveka mpaka kumapeto. Kunja adzafuna Chingelezi, koma kukhala ndi Chichewa ndi Chishona pakamwa ndi chuma, ndipo chiganizo chimodzi cha kwanu chonenedwa ndi mtima wonse chimakusiyanitsani ndi anzanu. Pofuna kudzisiyanitsa, ena amaganiza zovala chigoba cha gule wamkulu. Ife tikuti ayi. Gule ali ndi eni ake, ali ndi dambwe ndi malamulo ake, kuno ku Harare monganso kumudzi, ndipo si chovala chokalowera nacho m'ring'i.

Chinanso chimene oyesa amayang'ana ndi selling, kuonetsa kupweteka mnzanu akakumenyani. Woyamba kumene amafulumira kudzuka kuti aoneke wolimba, osadziwa kuti akuwononga ntchito ya mnzake. Nkhonya imalemera chifukwa cha amene wailandira. Nkhope ikhale yodzuka kuti anthu a kumbuyo aione, ndipo malo amene amenyedwa muwakumbukire mpaka masewera atha.

Nanga njira ili kuti? WWE imaphunzitsira anthu ake ku Performance Center ku Orlando, imene inatsegulidwa mu 2013 ili ndi maring'i 7. Amalandira mafomu pa intaneti, ndipo amakonda anthu amene anachitapo bwino masewera ena. Kurt Angle anabwera ndi mendulo yagolide ya Olympic ya 1996. Oba Femi wa ku Lagos anali woponya shot put, mpira wachitsulo, ku University of Alabama asanalowe kudzera mu pulogalamu ya ophunzira a m'makoleji imene WWE inayamba mu 2021. Kofi Kingston, wobadwira ku Kumasi ku Ghana, anatenga lamba wa WWE mu 2019. Choncho ngati mukusewera rugby, judo, nkhonya kapena mipikisano yothamanga, musasiye, mbiri imeneyo ndi imene ingatsegule chitseko. Kwa ambiri a ife njira yapafupi ndi South Africa, kumene kuli maring'i ndi makampani monga Africa Wrestling Alliance ya ku Cape Town, komanso kumene kunachokera Justin Gabriel ndi Adam Rose. Atsikana nawonso njira ndi yomweyi ndipo mayeso ndi omwewa. Posankha sukulu funsani amene anaphunzitsa mphunzitsiyo, onani ngati oyamba kumene akuphunzira kugwa kapena akudumpha kale kuchokera pamwamba pa zingwe, ndipo onani zimene amachita wina akagunda mutu. Kuno kwathu masewera olipidwa a nkhonya ndi wrestling amayang'aniridwa ndi Zimbabwe National Boxing and Wrestling Control Board, ndiye wokonza masewera akakuitanani mufunseni ngati ali ndi chilolezo. Wina akakulemberani pa Facebook kapena WhatsApp kuti mutumize ndalama akupezereni malo pa mayeso a kampani yaikulu, ameneyo ndi wakuba.

Mapepala ndi amene amagwetsa ulesi ana ambiri a m'mabanja ochokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique. Mwayi ukhoza kubwera inu mulibe pasipoti chifukwa chitupa chinalembedwa kuti ndinu mlendo. Malamulo aakulu a dziko a 2013, gawo 43, amati munthu amene anabadwira m'Zimbabwe malamulowa asanayambe, kholo lake lili nzika ya dziko la SADC, ndipo munthuyo ankakhala muno pamene malamulowa ankayamba, ndi nzika mwa kubadwa. Komabe kukonza chitupa ndi kalata ya kubadwa kumatenga nthawi, choncho yambani kuyendera za ku maofesi a zitupa ku Makombe pamene mukuyamba masikwati oyamba. Kumbukiraninso kuti kulowa m'dziko la eni ngati mlendo sikukupatsani chilolezo chogwira ntchito yolipidwa. Konzaninso kavidiyo ka mphindi ziwiri kapena zitatu koonetsa kuthamanga, kugubuduka, kunyamula ndi kulankhula, zithunzi zakutsogolo, zam'mbali ndi zakumbuyo, ndipo mulembe msinkhu ndi kulemera kwanu kwenikweni, chifukwa adzakuyezani.

Sabata lomaliza chepetsani zolimbitsa thupi ndi theka kuti mufike muli ndi mphamvu. Ngati mukukwera basi ya ku South Africa ku Roadport kudutsa pa Beitbridge, fikani masiku awiri mayeso asanayambe, miyendo iphwe kutupa. M'chikwama mukhale zotchinga mawondo ndi zigongono zimene mwazizolowera kale, nsapato zopepuka za pansi posalala zimene sizinapondepo panja, malaya atatu kapena anayi osinthira, thaulo, madzi, nthochi ndi mtedza. Wengani zikhadabo, vulani ndolo, mphete ndi tcheni. Fikani kudakali ola lathunthu, perekani moni wa m'manja kwa aliyense kuyambira mphunzitsi mpaka womanga ring'i, ndipo musanalowe pukutani mapazi m'mphepete mwa ring'i, chifukwa anzanu agonapo nkhope.

Mkati mwa mayeso mphunzitsi akakukonzani, yankhani mwaulemu ndipo musinthe pa ulendo wotsatira, osafotokoza zifukwa. Akafunsa ngati mukudziwa kachitidwe kena ndipo simukudziwa, nenani kuti simukudziwa, chifukwa bodza limenelo limathera pa khosi la mnzanu. Mpweya ukatha, musagone pansi kapena kutsamira zingwe, imirirani manja m'chiuno muzilimbikitsa amene ali m'kati, popeza oyesa amaonanso zimene mumachita pamene si nthawi yanu. Madzulo omwewo lembani zonse zimene anakukonzani musanaiwale, ndipo musanachoke funsani nthawi imene amalola munthu kudzayesanso.